Chala cha a Lufeyo

A Lufeyo Mbewe tinawaika m'manda Lachinayi lapitali kumudzi kwawo, kupitirira Mitundu. Makadi tonse amene tinatha kuzemba ntchito tinapita, titapanikizana pa kalole konyamula mchenga. Mlaliki, mnyamata wa tayi yofiira amene sindikhulupirira kuti anayankhulapo nawo, anauza anthu kuti malemuwa anali munthu wofatsa ndi wodzichepetsa. Ife a kugofu tinangoyang'anana. Wina kumbuyo kwanga anatsokomola pobisa kuseka, pamaliro. A Lufeyo mungawanene zambiri, koma kufatsa ayi. Ndiye ndati ndilembe za munthu amene ndinamudziwa ine, kuti mlaliki uja asakhale womaliza kuyankhula.

Kwa inu amene simunapondepo pabwalo la gofu, kadi ndi munthu amene amanyamula chikwama cha ndodo za wosewera. Ntchito yake ndi kupereka ndodo, kuipukuta bwana akamenya, ndi kuyang'ana kumene mpira wagwera. Ukachedwa kupereka ndodo amakukhululukira. Ukapukuta mwaulesi amangokudzudzula. Koma kadi wotaya mipira amamuimitsa, ndipo akakuimitsa uli ndi imvi usayembekeze kuti adzakuitananso. A Lufeyo anayamba ntchitoyi pabwalo lathu la ku Old Town, m'mbali mwa mtsinje, City Centre ikadali tchire losakamo mbewa. Zaka zawo zomaliza anaigwira maso atafa, akubisa, chifukwa ankadziwa kuti tsiku lodziwika nkhaniyo ndi lomwelo lochoka pabwalo. Ndipo kunja kwa bwalo limenelo iwo sankadziwa kuti angakhale ndani.

Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi. Phewa lakumanja linatsika kalekale ndi lamba wa chikwama, moti ngakhale ali chimanjamanja ankayenda chopendekera. Thaulo lawo linali loyera, la pa kaunjika ku msika wa Lilongwe, ndipo ankalinyowetsa theka lokha: mbali yonyowa yochotsera dothi, youma yomalizira. M'thumba la malaya munkakhala kansungwi kosongoka, kotokosera matope m'timizere ta kumaso kwa ndodo. Bwana akangomenya, iwo dzanja atambasula kale. Ndodo sinkalowa m'chikwama ili ndi kaudzu ngakhale kamodzi. Ankati ndodo yakuda imanamiza mpira, chifukwa dothi likadzaza m'timizere mpira umaterereka n'kupita kumene wafuna wokha, bwana n'kumatukwana dzanja lake losalakwa. Ankatinso matope uziwachotsa akadali onyowa, asanayambe kudzimva ngati eni malo. Zodikira kuti masewera athe ndiye udzatsuke zonse pampopi ankati ndi ntchito ya anthu osafuna ntchito.

Chimene sankapirira n'komwe ndi malovu. Makadi ambiri, makamaka mwezi wa Okutobala madzi a m'botolo akatha, amangolavulira kumaso kwa ndodo n'kupukutira pa buluku. Ine ndinabwera kugofu ndili wamkulu kale, wa mkazi ndi ana, nditatopa ndi kusenza matumba ku msika, ndipo sabata yanga yoyamba ndinachita zomwezo. Mawu anachokera kumbuyo kwanga, okwera moti bwana wina amene ankakonzekera kumenya anaima.

“Iwe! Mbale ya bambo ako umatsuka ndi malovu?”

“Madzi andithera, madala.”

“Akuthera chifukwa wamwa. Wabwera kudzamwa madzi kuno?”

A Lufeyo anandipatsa botolo lawo, koma anandiimirira pamutu mpaka nditatsukanso ndodoyo. Kuyambira tsiku limenelo ankanditcha Malovu, ngakhale dzina langa ndine Yohane. Dzinalo linandikanirira moti mkazi wanga akapsa mtima amandiitana lomwelo.

Panalibe amene sanakangane naye. Anakangana ndi makadi oviika ndodo m'dziwe mpaka kunyowetsa chogwirira. Anakangana ndi othirira kapinga, ati akusandutsa bwalo dimba la mpunga. Akapitawo onse amene anayang'anirapo makadi anawatopetsa mmodzimmodzi. Tikakhala m'shedi kudikira mabwana, iwo sankakhala nafe pa benchi; ankakhala patali pang'ono akusongola kansungwi kawo, akutidzudzula mmene tikukhalira. Komabe mwana wanga atadwala ine n'kujomba, ndi iwo amene anakalipira kapitawo kuti malo anga asapatse wina. Nditabwerako n'kuwathokoza, anandiuza kuti thaulo langa likununkha.

Amene ankakangana naye kwambiri ndi amene ankamukonda kwambiri: a Mhango. Awa ndi a ku Rumphi, anagwira ntchito m'boma ku Capital Hill mpaka kupuma, ndipo amakhala ku Area 11. Ndi mkulu wa mpingo, wamtali, wa magalasi okhuthala, munthu amene akatsimikiza kukuchitira zabwino ulibe kothawira. Awiriwa anayamba kuyenda limodzi onse tsitsi likadali lakuda, ndipo ankalongolola ngati akazi a mitala. A Mhango ankawaitana kuti a Mbewe. A Lufeyo ankati “bwana” zinthu zikakhala bwino, koma ukamva akuti “a Mhango” udziwe kuti kwachema.

Chaka china a Mhango anabwera kuchokera ku Joni ndi burashi ya waya, yokhala ndi kachingwe kokolekera pachikwama, n'kuipereka monyadira. A Lufeyo anaitembenuza, anaipapasa, n'kuthokoza mwaulemu kwambiri, ulemu umene ife tinadziwa kuti suthera pabwino. Sabata yotsatira a Mhango potuluka pageti anaipeza burashi ija m'manja mwa mayi wokazinga tchipisi, akukwechera chiwaya. Anaimitsa galimoto n'kubwerera wapansi.

“A Mbewe, burashi yanga ikutani pa tchipisi?”

“Ikugwira ntchito yake, a Mhango. Waya ndi wa miphika. Ndodo zanu mukufuna ndizikale ngati nkhope ya mwana wa mphere?”

Pa masewera otsatira sanayankhulane mpaka theka la bwalo. Kenako a Mhango anamenya mpira wabwino, anaiwala kuti akwiya, n'kufunsa funso lawo la masiku onse. Pajatu iwo ndi magalasi awo aja mpira ukakwera m'mwamba sankauona. Akamenya ankangopereka ndodo kumbuyo n'kufunsa, “Wapita kuti, a Mbewe?” Ndipo a Lufeyo, chala chili kale pa ndodo, ankayankha kuti kumanja pafupi ndi mtengo wa mthethe, kapena kumanzere m'udzu, kapena kuti uli pakati, tiyeni. Tonse tinkalidziwa funso limenelo ndi yankho lake ngati nyimbo.

Za maso ndinazidziwa m'mawa wina wa Juni, kukuzizira. Munthu wina anali ataimika chikwama chake pakhomo la shedi n'kukolekapo chipewa pamwamba. A Lufeyo anatulukira pangodya, anaima, anavula chipewa chawo.

“Mwadzuka bwanji, bwana?”

Ndinaseka mpaka kugwira mawondo, poyesa kuti ndi nthabwala. Koma iwo anaimabe, akudikira kuti chikwama chiyankhe. Ndinasiya kuseka. Atazindikira, anatembenukira kumene kunachokera kuseka, anandigwira pamkono mwamphamvu n'kundikokera kuseri kwa shedi.

“Malovu, waona chiyani?”

“Palibe, madala.”

“Usandinamize. Ndine wakhungu, si chitsiru.”

Mawuwo anawatchula okha, ine sindikanayerekeza. Anandiuza kuti zinayambira m'mbali, ngati wina akukoka makatani pang'onopang'ono, ndipo tsopano pakati pomwe panali utsi. Njira ankaiona mwa mbuu. Anthu ankawaona ngati zitsa zoyenda. Mpira woyera ankauona ukakhala pafupi ndi mapazi. Bwalo lokhalo silinkawavuta, chifukwa miyendo yawo inkadziwa kamtunda kalikonse ndi ngalande iliyonse. Ndinawafunsa kuti nanga mpira wa a Mhango amaudziwa bwanji kumene wapita, popeza sindinawaonepo atautaya.

Anasolola ndodo ya nambala seveni m'chikwama cha a Mhango n'kundigwiritsa chala changa kumaso kwake. Khutu, anatero, limawauza kutalika. Ndodo ikalira mwakutimwakuti amadziwa kuti mpira wapita patali kapena wafera panjira. Koma mbali imene wapita, chimawauza ndi chala. Mpira ukagunda ndodo umasiyapo kadontho, kathope kapena kamadzi a udzu wophwanyika. Kadonthoko kakakhala chakunsonga, mpira wa a Mhango wathawira kumanja. Kakakhala chakukhosi kwa ndodo, wapita kumanzere. Dothi likaunjikana m'munsi, ndiye kuti bwana alima m'malo momenya. N'chifukwa chake ndodo inkayenera kuchoka m'manja mwawo ili mbee, ya chinyezi pang'ono, kuti chilichonse chimene abwere kudzachipeza chikhale cha mpira umenewo basi. Ndipo zinkatheka ndi a Mhango okha, munthu amene kamenyedwe kake anakaloweza kwa zaka zonsezo. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene ankakanira kunyamulira alendo, ife n'kumawanena kuti ayamba matama.

“Bwanji osapita kuchipatala, madala?”

“Kuti akandimate nsanza m'maso, kapitawo amve? Ukayankhula uziyamba waganiza.” Anabweza ndodo ija m'chikwama. “Ukauza munthu, ngakhale a Mhango amene, ine ndi iwe tathana.”

Sindinauze munthu, koma anzanga awiri akuluakulu anazindikira okha. Tinkathandiza mmene tikanathera popanda iwo kuvomera kuti tikuthandiza. Tikakhala m'gulu limodzi, wina ankapita kukamanga nsapato pafupi ndi pamene mpira wagona, iwo n'kulunjika pa chitsa chowerama chija. Zoti tiziwatsokomolera kapena kuwaimbira likhweru anakana. Ati iwo si mbuzi yoti azichita kuikusa. Ndinkawakwiyira chifukwa cha liuma lawo, komanso Loweruka lililonse ndinkawaopera. Ndikawaona atapendeketsa mutu, chala chikuyenda pa chitsulo, n'kunena molimba mtima kuti “kumanja, bwana,” ndinkawatsatira ndi maso mpaka mpirawo utapezeka. Ndipo unkapezeka.

Chinawachotsa pabwalo si kapitawo, si mdani, si ukalamba. Unali ulemu.

Chakumapeto kwa dzinja, nyengo ya Pasaka, a Mhango anayamba kuona kuti mnzawo akuchedwa pa ndodo iliyonse, chala chikungobwerezabwereza pamodzimodzi. Anaganiza kuti mkuluyu watopa, zala zauma. Sabata imeneyo kutchalitchi kwawo kunalinso ulaliki wa kutumikirana, ndipo a Mhango ulaliki saumvera ena. Loweruka anafika ndi kathaulo kobiriwira atakapana palamba.

“A Mbewe, kuyambira lero ndodo ndizipukuta ndekha. Si bwino munthu wamkulu kuposa ine azindipukutira ngati mwana.”

“Bwana, ntchito imeneyo ndi yanga.”

“Yanu ndi kunyamula ndi kuyang'ana mpira. Ine ndimadalira maso anu, angawa ndi okongoletsa nkhope chabe.”

Ndinali pomwepo. Ndinaona nkhope ya a Lufeyo ikuuma ngati ya munthu amene wauzidwa uthenga wa maliro pagulu. A Mhango anamenya, anasolola kathaulo, anapukuta bwinobwino mpaka m'timizere momwe, monga anaonera kwa zaka zonse, n'kupereka ndodo yoyera. Kenako anafunsa funso lija. Chala chinayenda pa chitsulo, osapezapo kanthu.

Masabata otsatira a Lufeyo anamenya nkhondo imene mnzawo sankadziwa kuti ndi nkhondo. Anati a Mhango akupukuta moipa. A Mhango anati aphunzira. Kathaulo kobiriwira kanasowa. A Mhango anagula kena. A Lufeyo anayesa kulanda ndodo msanga isanapukutidwe; a Mhango ankaikweza m'mwamba akuseka, poti ndi aatali, n'kumati, “A Mbewe, lolani kutumikiridwa.” Mipira inayamba kutayika m'udzu wautali wa nyengo imeneyo. Kapitawo watsopano, munthu wosaipa mtima koma watcheru, anayamba kufunsa. Ine ndinawatsatira a Lufeyo mpaka pa siteji ya minibasi tsiku lina.

“Madala, auzeni a Mhango. Munthuyu amakukondani.”

“N'chifukwa chake sindingawauze. Akadziwa ayamba kundigwira dzanja powoloka ngalande.”

“Nanga kuli bwino akuimitseni?”

“Malovu, ine ndakhala kadi wawo, sindinakhalepo wodwala wawo. Kwera minibasi uzipita.”

Tsiku lenilenilo linali la mpikisano wa akuluakulu opuma ntchito. Ine ndinkanyamulira bambo wina m'gulu lomwelo, ndipo kapitawo anasankha kuyenda nafe. Tinayenda bwino ndithu mpaka pa chigawo chachifupi cha bwalo, cha kumtsinje, pamene munthu amaima pa kamtunda n'kumenyera pa girini, kapinga wosalala uja wokhala ndi mbendera. Kumanzere kwake kuli bango, ndipo mipira ya a Mhango inkakonda kuthera kumeneko. Pamene ankamenya, minibasi ina pamsewu inaliza hutala yaitali. Kulira kwa ndodo sikunamveke. Khutu linasowa chogwira, ndipo chala chinalandira chitsulo chopukutidwa kale.

“Wapita kuti, a Mbewe?”

Mpira unali udakali m'mwamba. Tonse tinali chete tikuuyang'ana, chifukwa unali mpira wokongola, woongoka, mwina wabwino kuposa yonse imene a Mhango anamenyapo pamalo amenewo. A Lufeyo anamva chete ameneyo n'kumuyesa wa chisoni.

“Kumanzere, bwana. M'bango.”

Anakweza chikwama paphewa n'kuyamba kutsika kamtunda mofulumira, monga amachitira kadi wodziwa ntchito. Mpira unagwa pa girini, unagudubuka, n'kuima pafupi ndi mbendera, woyera pa kapinga, poti aliyense auone. Wina anaseka poyesa kuti mkuluyu akuchita nthabwala. Wina anaomba m'manja. Iwo anapitirira mpaka m'bango n'kuyamba kupatula ndi phazi. Ndinafuna kufuula, koma ndikanafuula chiyani chimene sichikanawaulula?

“A Mbewe,” anaitana a Mhango. “Akuti mpira uli pa girini.”

A Lufeyo anaima, chikwama chili paphewa, bango likuwafika m'chiuno. Kapitawo anatsika n'kukaima pafupi nawo. Sanakalipe. Anafunsa motsitsa, koma kunali zii moti tonse tinamva.

“Madala, tandilozereni mbendera.”

Miyendo yawo inkadziwa kumene kuli girini, koma atazungulira m'bango muja anali atasokonezeka. Anakweza dzanja n'kuloza kumtsinje.

A Lufeyo anamaliza nawo masewerawo. Palibe amene anayerekeza kuwalanda chikwama. A Mhango sanafunsenso funso lija. Pomaliza a Lufeyo anatenga ndodo imodziimodzi, ngakhale zinali zoyera kale, n'kuzipukutanso zonse, kenako anakaika chikwama m'galimoto. Kapitawo anawauza mwaulemu kuti sangalole munthu wosaona kuyenda pamene mipira ikuuluka. Mpira ukadzawagunda m'mutu mlandu udzakhala wa ndani? A Lufeyo sanatsutse. Munthu amene anatsutsa akapitawo onse pa nkhani ya madzi ndi ya sopo, pa nkhani iyi anangovula chipewa n'kutuluka pageti.

Ine ndinatsalira poimika magalimoto. Chinsinsi chinali chitatha, ndiye ndinawafotokozera a Mhango zonse, za khutu ndi za chala, ndipo sindibisa, ndinafotokoza mokalipa. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anayang'ana kathaulo kali palamba pawo nthawi yaitali.

“Chiuta wane,” anatero m'chiyankhulo chakwawo. “Ndiye kuti ndimawatseka m'maso ndi manja angawa, ndikuseka.”

Anachita zonse zimene munthu wabwino amachita mochedwa. Anakawatenga a Lufeyo ku Chinsapo kumene ankachita lendi n'kupita nawo kwa dokotala wa maso. Dokotala anati si ng'ala yoti angachotse. Mitsempha inafa kale, ndipo akanabwera zikuyamba mwina akanapulumutsako pang'ono. A Mhango anakadandaula kwa kapitawo ndi kwa akuluakulu a bwalo mpaka analola kuti a Lufeyo abwerere, aziyenda ndi a Mhango okha, wina aziyang'ana mpira. Uthengawo tinakapereka limodzi. Tinawapeza atamanga kale katundu.

“Bwalo lonse likudziwa?” anafunsa a Lufeyo.

“Likudziwa, a Mbewe, ndipo onse akufuna kuona mmene mumachitira.”

“Ndi zimenezo. Kale ndinkagwira ntchito. Tsopano ndizikachita zamatsenga, anthu aziombera m'manja nkhalamba yakhungu.” Anapukusa mutu. “Munandilemekeza, bwana, sindikukana. Koma mukanandifunsa kaye.”

“Nanunso mukanandiuza.”

“Eya,” anatero. “Tonse ndife anthu ovuta.”

Anapita kumudzi sabata yomweyo ndipo pabwalo sanapondeponso. Ineyo zinandiwawa kwambiri, ndipo zikundiwawabe, chifukwa panalibe woipa woti ndimutukwane.

Chilimwe chitafika a Mhango anandipempha kuti ndiwaperekeze kumudziko. Anatenga ndodo imodzi ndi mipira yakale m'jumbo. Tinawapeza a Lufeyo atakhala pakhonde, ataonda, manja ali pamawondo opanda chochita. Atamva kugogoda kwa ndodo pansi nkhope yawo inasintha, ngakhale anayesa kubisa. Anatitsogolera kuseri kwa nyumba, pangodya ya munda pamene anali atakumba kale mtedza, n'kukhala pa chitsa. A Mhango anaika mpira pansi, anamenya, fumbi linabuka. Ndodo anaipereka osaikhudza kumaso, ataigwira ndi manja awiri.

Chala chinayenda kuchoka kukhosi mpaka kunsonga. Chinabwereranso. Tinadikira.

“Palibe,” anatero a Lufeyo. “Fumbi lokhalokha. Silikhala pa chitsulo.” Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. “Dothi lakwathu lomwe silikundiuza kanthu.”

Luso lawo linali la kapinga wothiriridwa, wa udzu wamadzi. Kumunda kouma linalibe pogwira. Ndinayesa kuti zathera pomwepo. Koma anaitanitsa madzi m'kapu, anapukuta ndodo ija mosafulumira, n'kuibweza. “Menyaninso, a Mhango, mwalima.” A Mhango anamenyanso. Pofuna kukwirira ndi nsapato pamene ndodo inapala, monga lilili lamulo la pabwalo, a Lufeyo anamva kukhwekhwereza n'kuwaletsa. Anati pano bwalo ndi lawo, malamulo apanga okha.

Kuyambira pamenepo a Mhango ankapitako kawirikawiri, nthawi zina ndi ine, nthawi zina okha. Wina amenye, wina apukute, akukangana za mitengo ya feteleza ndi za anthu a kumpoto. Kumene mpira wapita palibe ankafunsanso. Sinali gofu, ndipo onse awiri ankadziwa. A Lufeyo ankangofookerabe. Thupi lozolowera kuyenda bwalo lonse linakana kukhala pakhonde. Matenda amene anawatenga mwezi uno anali a pachifuwa, a masiku ochepa, koma ine ndimati anayamba kumwalira m'bango muja.

Pamaliro a Mhango anakana mpando umene anawakonzera pamodzi ndi akuluakulu, anakhala pansi pakati pa ife. Titachoka kumanda, anthu akusamba m'manja, mayi a kunyumba kwa a Lufeyo anatuma munthu kuti atiitane awirife. Anatitengera kuseri kwa nyumba, atafunda chitenje kumutu, akuyenda mogwiririra khoma.

“Bwana, pangodya apa bambo anandiletsa kulima,” anatero. “Dzinja lathali panagona, ana akapondapo ankawakalipira. Ndimati ndikufunseni, popeza munali awiri. Mvula yayandikira, ndipo malo athu ndi ochepa. Tikameta malirowa, tingalimepo?”

A Mhango anavula magalasi. Anayang'ana pangodya paja. Kenako anayankha.

“Limani, mayi.”

Mayi anawomba m'manja mofatsa n'kubwerera kwa azimayi anzawo. Ife tinatsala titaima. Munda wonse unali utaungidwa kale mizere, yofiira, yodikira mbewu, ndipo mizereyo inafika mbali zonse n'kuima mwadzidzidzi, kusiya kamalo kouma kosakwana kuyalapo mphasa ziwiri. Pakamalopo panali timaenje tosaya, tambirimbiri, tina takale tofufutika ndi mphepo, tina tooneka bwino, tonse tolozera kumodzi. Pabwalo la ku Old Town, pamene anayenda moyo wawo wonse, palibe pamene mungaloze kuti apa anasiyapo a Lufeyo. Kadi wabwino amakwirira paliponse pamene bwana wake wakumba. Zimene anasiya ndi izi, kuseri kwa nyumba, ndipo sabata yamawa pakhala mzere wa chimanga. Chitsa chinali pambali, chosalala pamwamba. Nkhuku inabwera, inagona m'kadzenje kamodzi n'kuyamba kusamba fumbi, ndipo panalibe woithamangitsa.